Mankhwala ndinawapala ndekha

Lachinayi. Tsiku loipa.

Ndiye ine, kalipentala wamkulu wa Matero yense, ndatenga khala lamoto n'kuliika pa tebulo langa latsopano, azimayi ophika pamsika akuona. Malaiti sakhalitsa masiku ano, onse anabwerera ku mbaula, ndipo amafuna ndiwapangire matebulo asanu osagwira moto. Ndati, "Ili ndalipaka mankhwala oletsa moto. Olo Satana abwere ni mbaula yake, silipsa."

Lapsa. Malawi afika mpaka ku mawaya a malaiti. Ba Nyirenda, wapampando wawo, angoti, "Ba Phiri, mwatibweretsera tebulo kapena nkhuni?" Ntchito apatsa Mulenga, munthu wosadziwa n'komwe kugwira sowo.

Ndathamangira kwa amene anandigulitsa mankhwalawo ku Kanyama, mtima uli bwatabwata. Wandifunsa kuti nditapaka ndinachita chiyani. Ndati ndinapala mapulanga kuti asalale, ngati mmisiri aliyense. Iye kuseka. "Mdala, mankhwala yankhala pamwamba chabe. Mupala poyamba, kupaka ni kumapeto. Imwe mwayachotsa yonse." Chitsiru chija, osandiuza pogula bwanji? Pa botolo analemba Chizungu chaching'ono ngati nyerere.

Kunyumba ndapeza akazi anga, amake Tisa, akulimbana ndi mbaula. Zopalapala zanga zimene amakolezera moto zakana kuyaka. Akuti, "Vinyalala vanu ndiye vosapsa. Kagulitseni ivi kumsika."

Za mawaya zija ndanama, pa tebulopo panangopsa bowo ngati kambale ka ndiwo. Koma mmene anasekera azimayi aja, Mulenga ali pomwepo...