Zilembo za pa Mtengo wa Mango

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Mchemwali wanga Esinati anachira mwezi watha, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Mpunga wa kudimba lanu wachita bwino chaka chino, ndipo mwina ndiwo watiputira mavuto. Achimwene anu, amalume a Jailosi, abwera kawiri ndi anthu a galimoto ochokera ku Zomba, kudzayeza dimbalo ndi chingwe, ife osatiuza kanthu. Pamaliro panu iwo analira kuposa tonse. Ndinakayika pomwepo.

Ine ndikadali pa kashopu kosindikiza kaja pa Domasi, kutayipa makadi a ukwati a anthu olephera kulemba maina awo omwe. Abale amati zaka ziwiri za ku yunivesite zinangondipatsa mwano. Chabwino. Zinandiphunzitsanso kuti zilembo zili ndi nkhope.

Ndinaganiza zoika chidziwitso padimbapo: MALO AWA SAGULITSIDWA. Ndinatha tsiku lonse pakompyuta ndikusankha zilembo. Zowonda zamakono zija palibe angaziope. Zopindikapindika nza akwati. Ndinasankha zakale, zonenepa, zakuda bii, zokhala ndi timapazi kunsi ndi kumutu, zonga za pamwamba pa nyuzipepala ndi pa masamoni a kukhoti. Chilembo chilichonse chimaima ngati wapolisi pakhomo. Sindinaname, Amayi. Sindinalembepo dzina la boma, la khoti, ngakhale langa. Ndinangokakhoma pepalalo pamtengo wa mango uja.

Aganyu amene anabwera kudzazika zikhomo atangoliona anabwerera, ati nkhani yafika kukhoti. A galimoto sanaonekenso. Ndinaseka sabata yathunthu.

Dzana amalume anafika kushopu. Kuwerenga kumawavuta, koma maso ali nawo. Anayala patebulo pepala langa lija, pambali pake pulogalamu ya maliro anu, imene ndinakonza ndekha. Zilembo zake zomwezo. Ine wamaphunziro ndinali nditaiwala. Sanakalipe. Anayamikira dzanja langa. Kenako anafunsa ngati ndimadutsabe ndekha njira ya kumtsinje poweruka, ndiponso ngati khanda la Esinati likuyamwa bwino. Inu munkati, "Wokukalipira wakuchenjeza, uziopa wokusekerera." Tsiku limenelo anandisekerera mpaka potuluka.

Dzulo tinapeza mtengo wa mango uja utagwetsedwa, nthambi zake atazisanja bwinobwino. Esinati akuti tisiye, dimba si moyo. Ali ndi khanda, sindimudzudzula. Ndamuuza apite kwa apongozi ake ku Malosa mpaka zidutse.

Ine ndasindikiza pepala lina, zilembo zomwezo koma zokulirapo, ndipo pansi pake ndalemba dzina langa lonse. Mawa ndikazika mtengo ndekha nkulikhoma. Ndikulonjezani kuti dzanja langa silidzalichotsa. Ngati tionane msanga kuposa mmene tinkaganizira, musandikalipire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi