Malume a Rozita

Sabudu (Loweruka), nyengo yokumba mbatatesi, ku Ntengo-Wambalame.

Kwazizira tsiku lonse, koma mfuti sizinamveke. Mtima uliko m'malo.

Rozita watha msinkhu dzana. Ndi mwana uja anafika yekha pakati pa anthu othawa, mudzi wakwawo utatenthedwa, ine n'kumutenga. Lero anamkungwi atamulangiza anandifunsa kuti, "Nanga malume ake ndani, tikawauze?" Ineyo ndilibe mlongo wamwamuna woti n'kumubwereka. Rozita anangowerama, n'kumakanda pansi ndi chala.

Azimayi a kutchalitchi abwera ndi zomwe anali nazo. Wina nyemba, wina kachidutswa ka sopo, a Marita nsalu yawo yopitira ku Misa.

Masana atulukira a Zuze, anansi athu osaseka aja, tambala ali m'khwapa. Alongo awo ndi ana onse anaphedwa chaka chatha. Anakhala pamwala nati, "Ndamva kuti mukusowa malume. Mwanayu ndi mbumba yanga. Wofuna kudzamufunsira adzayambe waona ine." Atangotero anayamba kumukalipira kuti asamapite yekha kumtsinje. Mwana anaseka, misozi ili chuchuchu.

Pano wagona, wafunda nsalu ya a Marita. Ndimapemphera kuti abale ake apezeke amoyo, Mulungu ndi mboni yanga. Koma nkhondo ikadzatha, iwo n'kufika pakhomo pano kuti tabwera kudzatenga mwana wathu, ine ndi a Zuze tidzatani...