Akufuna kugulitsa makina chifukwa cha chopanira nsapato

Aphungu,

Amuna anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ina. Zaka zapitazo anadwala sitiroko, dzanja lamanzere n'kufooka. Nsapato imafuna manja awiri, lina logwira, lina losoka, ndiye ntchito inaima. Ankangokhala pampando kuyang'ana khoma, ngakhale wailesi osatsegula.

Tsiku lina pochokera kumsika ndinawapeza atamasula njinga yakale ya mwana wathu. Anatenga pedulo, waya wa buleki ndi sipuling'i n'kupanga chopanira. Ukaponda ndi phazi chimagwira nsapato nganganga, ukachotsa phazi chimaisiya. Yoyamba kusokera pamenepo inali nsapato yanga yomwe inakanuka kalekale. Pondipatsa anati, "Amayi a ana, dzanja lija labwerera, kungoti latulukira kuphazi." Ndinaseka, kenako ndinakalirira kuchipinda.

Anzawo a ntchito yomweyi atachiona anayamba kuchifuna, ndipo vuto linayambira pomwepo. Wowotcherera zitsulo akuti kupanga chimodzichimodzi kumadula, wosoka nsapato sangakwanitse mtengo wake. Kufakitale akuti sayatsa makina chifukwa cha tinthu tochepa, tiyitanitse zambiri nthawi imodzi komanso tilipiretu. Pa ziwiri zomwe tinagulitsa, china chinabwezedwa sipuling'i itaduka. Alamu anga, akulu awo, akuti ndalama apereka koma chinthucho chikhale m'dzina lawo. Wina watiopseza kuti tikapanda kuchilembetsa kuboma, ochenjera achikopera.

Pano amuna angawo akufuna kugulitsa makina athu osokera, omwe amatidyetsa, kuti alipire kufakitale. Akamandifotokozera maso amawala ngati mnyamata. Ndikati ndikane, mawu amathera pakhosi, ndimangoti tiona. Ndikuopa njala, komanso ndikuopa kuwazimitsa mtima. Ndichite bwanji?

Mayi E.K.

Mayi E.K.,

Muli ndi mwamuna wamutu, ndipo iwonso ali ndi mkazi wowakonda. Izi tazimva. Koma makinawo asagulitsidwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chopaniracho chinapangidwira munthu m'modzi, phazi limodzi, ndi mwiniwake amene amadziwa pochinyengerera. Chikapita kwa mlendo chimapondedwa mopanda chisoni. Sipuling'i inadukayo musachite nayo manyazi, yakuuzani kuti nthawi ya kufakitale sinakwane. Ikanaduka mutadzaza nazo chipinda, bwenzi mukundilembera kalata ina yowawa kuposa iyi.

Chobwezedwacho achikonze ndi sipuling'i yolimba, achibwezere kwa mwiniwake ulere, ndipo amupemphe kuti azinena chilichonse chomwe chikumuvuta. Pakhale miyezi chikugwira ntchito m'manja mwa ena. Pa nthawiyo khalani pansi awirinu muone kuti chimodzi chimadya zingati: zitsulo, wowotcherera, thiransipoti, ndi masiku amene bambo amasiya nsapato za anthu n'kumayenda. Ambiri amaiwala kuwerengera thukuta lawo, n'kumagulitsa moluza akusekerera. Mufunsenso wowotcherera ngati angatsitse mtengo atapanga zingapo pamodzi. Wofuna chake azipereka kaye theka. Woyamikira pakamwa ndi wotulutsa ndalama m'thumba ndi anthu awiri osiyana, ndipo mudzadziwa msika wanu weniweni poona achiwiriwo.

Za kulembetsa, pitani nokha ku ofesi yoona za zinthu zopangidwa kumene. Kafunseni mtengo, nthawi yake, komanso ngati n'zothekabe poti mwagulitsako kale. Musamvere za m'maluwa. Dziwaninso kuti pepala silithamangitsa wokopera lokha, kumutsata kumafunanso ndalama. Kawirikawiri chomwe chimateteza mmisiri wamng'ono ndi mbiri yoti chake sichiduka, ndipo chikaduka amakonza.

Alamu anu musawanyoze, koma dzina la chinthucho ndi la amene anachipanga. Ngati akufuna kulowamo, mugwirizane gawo lawo la phindu, mulembe, pakhale mboni. Chibale ndi fupa, inde, koma ndalama zosalemberana zimalowa ngati chiswe.

Tsopano za pakhosi panupo. Musayambe ndi mawu oti ayi. Auzeni kaye zomwe mwandiuza inezi, kuti munalira ndi chimwemwe tsiku lija, poti mwina sadziwa n'komwe. Kenako nenani poyera kuti chopaniracho mukuchifuna, makinanso mukuwafuna, ndipo mukupempha kuti muyende nawo pang'onopang'ono. Dziperekeni kugwira mbali ina, kaya kulandira maoda, kaya kukafunsa mitengo ya zitsulo.

Chenjezo langa ndi ili: lekani kunena kuti tiona. Musadikire kuti wogula makina afike pakhomo ndiye mukanire pamaso pa mlendo. Munthu amene anadzuka pa matenda otero sangagwe ndi mawu oti dikirani. Chomwe chingawapweteke ndi kudzazindikira kuti mkazi wawo ankangowavomera powamvera chisoni.

Aphungu