Namapopa wa Chipewa Changa

Lachitatu, kutentha ndi ukali basi.

Mkamwini wanga Fombe, mphunzitsi uja, walemba nthano yoseketsa. Akuti namapopa wokalamba akufunsira mayi wogulitsa nsomba, koma pofuna kumupsompsona mano amagwera m'dengu la milamba. Waiwerenga pamsika wa Bangula, anthu n'kumafa nazo kuseka. Namapopayo ngotsimphina, chipewa chake chamlaza chong'ambika. Si ine ameneyo?

Nditamufunsa wati, "Apongozi, n'zocheza chabe. Pomaliza amukwatiratu mayiyo!"

Zocheza! Kuno wotchedwa namapopa amagendedwa. Zikamveka kwa apampando a chipani a m'dera lino, ndikayankha chiyani?

Madzulo ano mayi Zuze, anansi anga akalekale, atandiona akokera mdzukulu wawo m'nyumba n'kutseka chitseko. Chipewa changa chamlaza chija ndachitentha. Nanga mwendowu...