Mphini za amayi pachithunzi

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bangula tadzuka, kungoti ababa miyendo ikuwatupabe ndi kutenthaku.

Nkhani ndi ya mwana wanga Joana, amene akuphunzira zojambula pa kompyuta uja. Tinamupatsa chithunzi cha malemu amayi, chija chinanyowa ndi madzi osefukira ku Chiromo, kuti achikonze tidinditse pa malaya a tsiku la chiliza. Anachikonzadi mwaluso. Koma anafufutanso mphini za m'masaya, poyesa kuti ndi zothimbirira za madzi. Kusukulu kwawoko amawaphunzitsa kusalaza nkhope.

Ababa atachiona anachiyang'anitsitsa. Kenako anati, "Mayiyu ndi wokongola, koma si mkazi wanga."

Joana analira. Ine sindinamukalipire. Agogo akewo anamwalira iye ali kumsana, ndiye za mphini akanazidziwira kuti?

Dzulo ababa anakwera kabaza n'kupita naye kusukuluko. Anaika chala pagalasi la kompyuta n'kumachiyendetsa pang'onopang'ono patsaya la amayi, Joana akujambula motsatira chalacho. Tsaya lakumanja latha. Lakumanzere lawasokonekera, ndipo pachithunzi chonyowacho mphinizo sizikuoneka bwino.

Chonde, chithunzi china cha amayi chija munapita nacho, chijambuleni ndi foni mutitumizire msanga. Ababa akuti malaya sadindidwa mpaka mkazi wawo abwerere yense.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Felesita