Fiona Sagwada Lachisanu

Njuli,
Chiradzulu.

Okondedwa achimwene a Goliati,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Lilongwe, inu ndi alamu anga a Sophie? Nanga Trevor chifuwa chija chinamusiya? Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa mpabwinobwino, akudya ndiponso akulongolola monga mwa masiku onse. Mbuzi yanu ija inaswa ana awiri, onse ali moyo.

Uthenga wamawu umene munatumiza pafoni ndaumva. Ndasankha kukuyankhani ndi cholembera chifukwa pafoni inu simupatsa mnzanu mpata, mumafunsa nokha n'kudziyankha nokha. Levi wa kwa a Ignasio akubwerera kuntchito mawa, ndiye akupatsirani pamanja.

Munati mwana wanga Fiona apite akagwade pamaso pa a Dickson, achiwiri kwa ahedi, akapepese ndi kutenganso baji yake ya uhedigelo. Munati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo mtengowo ndinu, amalume ake, mwinimbumba wathu. Munawonjezanso kuti za utsogoleri tizifunsa inu, poti munakhalapo hediboyi ndipo pano muli ndi alonda pansi panu. Apa pokha ndinaseka mpaka amayi anafunsa ngati kwabwera alendo.

Koma nkhaniyi si yoseketsa. Lachisanu komiti ya sukulu ikhala pansi, ndipo aitana ine ndi amalume a mwana, popeza bambo ake anatisiya. A Dickson anenetsa kuti Fiona akapanda kugwada pa asembule, achotsedwe sukulu. Mwana ali Fomu 4, achimwene. Akamuchotsa, mayeso amene ndakhala ndikuwadikira kuyambira tsiku limene ndinamusokera yunifolomu yoyamba salemba.

Poti mwatikumbutsa za uhediboyi wanu, tiyeni tiukumbukire limodzi, chifukwa ndikuona ngati mumaukumbukira theka.

Inu munali Sitandade 8, ine Sitandade 5. Wachiwiri wanu anali Dickson yemweyu, nthawi imeneyo alibe mimba. Munkaima pageti ndi nthambi ya gwafa m'manja, chifuwa chili tuu, ngati mwagula sukuluyo. Wochedwa akabwera ndi mbatata yootcha kapena chigumu ankadutsa mwaulemu. Wobwera chimanjamanja ankagona pansi. Anyamata aakulu a kumtunda aja, amene anali ndi ndevu kale, simunawakhudzepo ngakhale afike belu lopumira litalira. Maso anu ankaona tiana tokhatokha.

Ine ndinkachedwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Hediboyi sangapite kusukulu osasamba, ndiye m'mawa uliwonse ndinkatsikira kudambo ndi ndowa, kukutungirani madzi, kuwatenthetsa, kukuikirani kubafa. Inu mukasamba n'kudzola, mumanyamuka. Ine ndiye ndiyambe kusaka madzi anga. Ndikafika pageti ndinkakupezani mukunyezimira ndi madzi anga omwe, mukundifunsa kuti ndachedwa kuti.

Tsiku lina ndinakuyankhani zoona pamaso pa anzanu, kuti ndachedwera madzi anu. Munati ndakunyozani. Dickson anandigwira manja, inu munakwapula mpaka nthambi inathyoka, ndipo chotsalira chake chinanding'amba katumba. Munauza ana onse kuti aone, hediboyi sakondera ngakhale mlongo wake. Aphunzitsi anakuyamikirani. Ine teremu imeneyo sindinaimalize, ndipo m'kalasi sindinabwereremonso. Kulemba kumene mukukuwerengaku ndinakunolera kusukulu ya kwacha ndili kale ndi mwana kumbuyo.

Ndiwo utsogoleri umene mukuti tizikufunsani umenewo.

Tsono ndikuuzeni za mwana amene mukumulamula kuti agwadeyo, chifukwa inu mumamuona pa Khirisimasi pokha, akukuikirani madzi osamba m'manja.

Fiona sanabadwe wanzeru kuposa ana ena. Ali Sitandade 3 anali wamanyazi moti mlendo akafika ankabisala kuseri kwa nkhokwe. Chimene ndinayamba kumuona nacho ndi nkhani ya nkhuni. Mukudziwa kuti masiku ano ana amamwa phala kusukulu, ndipo aliyense amabwera ndi chikuni chake chophikira. Wopanda chikuni ankabwezedwa pamzere. Ana a pamsika, amene kwawo amaphikira makala, ankangoyang'ana anzawo akumwa. Ndinadabwa kuona mulu wanga wa nkhuni ukutha msanga, kufufuza ndinapeza kuti mwana amanyamula zitatu, ziwiri amagawira anzake panjira. Ndinamukalipira. Mawa lake anasiya kutenga zanga, koma anasonkhanitsa anzake Loweruka n'kukatola mapesi ndi mitengo ya nandolo m'minda yokololedwa, mulu wa kalasi yonse.

Musaganize kuti ndikumuyeretsa. Ali Sitandade 6 anamusankha kukhala monita, ndipo pamenepo magazi anu anadzuka. Chaka chimenecho munali mutabwera kutchuthi n'kumufotokozera pakhonde, monyadira, mmene ana ankanjenjemerera akamva nsapato zanu. Mwana anamva, anakathyola nthambi yake. Anakwapula kamtsikana kena, Maluwa, chifukwa cholongolola, ndipo anabwera kunyumba akuyenda ngati inu.

Maluwa sanabwerenso kusukulu sabata imeneyo, ngakhalenso yotsatira. Ine sindinamumenye Fiona. Tikusenda chinangwa ndinangokweza chitenje n'kumuonetsa chipsera cha pakatumba, ndi kumuuza amene anachiika ndi chimene chinanditayitsa. Sanadye tsiku limenelo. Kuyambira m'mawa mwake ankazungulira njira yaitali kukadzera kwa Maluwa. Masiku oyamba mayi ake ankamuthamangitsa ndi tsache, koma iye ankabwerabe, kuima pamsewu n'kumadikira, mpaka Maluwa anatuluka ndi kope lake. Lero ali limodzi Fomu 4.

Kusekondale anayamba ndi kuyang'anira zosesa, ntchito imene aliyense amaithawa. Kenako anamuika woyang'anira zaukhondo, ndipo zimbudzi ankakolopa nawo, osati kuima patali atatseka mphuno. Pamene ankasankha hedigelo chaka chino, iye analibe maswiti ogawa ngati anzake ena. Atsikana anangopita kukaima kumbuyo kwake, mzere mpaka kukafika pamtengo wa mango.

Tsopano imvani zimene mnzanu sanakuuzeni.

Pasukulupo pali chizolowezi chakuti atsikana a Fomu 1 amatungira madzi nyumba za aphunzitsi m'mawa, belu lisanalire. Chinayamba kalekale ndipo makolo tonse timangoti ndi ulemu. Koma chaka chino zitsime zaphwa, ndipo mudzi wonse ukudalira mjigo umodzi. Ndowa zimandandalikana mpaka kumsewu. Ana aja amati akatula madzi kwa a Dickson, belu linalira kalekale. Akafika pageti amapeza a Dickson omwewo, atasamba bwinobwino, akulamula hedigelo kuti ochedwa onse akakumbe dzenje la zinyalala. Phunziro loyamba limawadutsa ali kumjigo, lachiwiri ali m'dzenje. Mukumva kununkhira kwa nkhani imeneyi, achimwene? Ine ndinaizindikira mwana asanamalize kufotokoza.

Fiona sanayambe ndi phokoso. Anapita kuofesi n'kupempha kuti madziwo azitungidwa akaweruka. A Dickson anati iwo sasamba madzi ogona. Anapemphanso kuti otunga madzi asamawerengedwe ngati ochedwa. Anamuyankha kuti lamulo ndi lamulo, ndipo baji anamupatsa kuti azilondera lamulo, osati kulifunsa mafunso. Anakauza amayi a m'komiti, iwo anati aona, ndipo akuonabe mpaka lero.

Ndiye Lolemba lapitalo pa asembule, a Dickson anaimiritsa atsikana aja kutsogolo, madiresi atanyowa, ena nkhata zili m'manja, n'kuuza Fiona kuti awatengere kudzenje. Iye anaika manja kumbuyo n'kunena kuti amawalemekeza aphunzitsi ake, koma sangalange munthu amene wachedwa chifukwa chotumidwa ndi womulangayo. Anavula baji, anaiika patebulo, anatenga khasu n'kupita kukakumba dzenjelo yekha. Sipanapite nthawi Maluwa anamutsatira, kenako Fomu 4 yonse ya atsikana.

Sindikubisirani, zimene zinachitika mawa lake anakonza ndi iyeyo. Anauza a Fomu 1 kuti m'mawa azipita molunjika m'kalasi, wofuna madzi amutungira akaweruka. Tsiku limenelo panalibe wochedwa ngakhale mmodzi. Akazi a a Dickson anaoneka pamjigo ndi chigubu, ali pamzere ngati ife tonse, ndipo sanafe. Akabaza apa Njuli akuti bamboyo anafika kusukulu atangosukusula. Ndicho chimene a Dickson akuchitcha kuukira, ndicho chimene anakuimbirani foni akulira nacho.

Inu osafunsa kanthu, osamuimbira mwana, mwagamula muli ku Lilongwe kuti agwade. Mnzanu wa pageti walira, ndiye mlongo wanu agwidwenso manja. Zaka zonsezi, achimwene, ndevu mpaka kuchita imvi, simunachokebe pageti paja.

Ndisaname, ndikuopa. Mwana uyu angathere pomwe ndinathera ine, kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Limbe. Ndinafika pomufunsa ngati sangangogwada kamodzi kuti alembe mayeso, mawondo sabooka. Anandiyankha kuti ngati anawachititsa manyazi a Dickson polankhula pagulu, zimenezo apepesa, ataimirira, ndipo baji sakuifunanso. Koma anati akagwada n'kunena kuti analakwa, Lolemba atsikana aja abwerera kumjigo, ndipo mmodzi wa iwo ndi mng'ono wake wa Maluwa, amene wayamba kale kunena zosiya sukulu. Kenako anayang'ana mwendo wanga wa chipsera uja. Sindinamufunsenso.

Choncho dziwani kuti Fiona sagwada. Zimenezo zatha, musavutike n'kutumizanso uthenga wina.

Pempho langa ndi ili, ndipo ndi loyamba kukupemphani chisiyireni sukulu. Bwerani Lachisanu. Akuluakulu a m'komiti aja mawu a mayi amawamva ngati mphepo, koma mwinimbumba akatsokomola amatchera khutu, ndipo Dickson amakuopanibe ngati kale. Mawu anu ochepa chabe, akuti mwana alembe mayeso ndipo madzi azitungidwa akaweruka, angathetse mlandu wonsewu. Mwakhala mukutiuza kuti ndinu mutu wa banja lino. Mutu ukakula sulewa nkhonya, bwerani mudzalandireko imodzi m'malo mwa mwana wa mlongo wanu.

Koma ngati mukubwera kudzamukanikiza mapewa kuti afike pansi, sungani ndalama ya basi mumugulire Trevor nsapato. Ine ndidzapita ndekha. Ndikadzapatsidwa mpata, kapena ndisapatsidwe, ndidzaimirira pamaso pa komiti yonse, ndidzakweza chitenje mpaka m'bondo, ndipo ndidzafunsa a Dickson ngati akuchikumbukira chipserachi, ndi amene anandigwira manja tsiku limenelo, ndi amene anasamba madzi amene ndinachedwera. Dzina lanu ndidzalitchula lonse. Mlandu suola, achimwene. Ndaunyamula mwakachetechete chifukwa unali wanga ndekha, koma pa mwana wanga sindiulola kuti ubwerezedwe.

Ndiye sankhani pokhala, kumbali kwa Fiona kapena kumbali kwa mnzanu. Mipando yonse iwiri idzakhalapo.

Amayi akuti ndikupatseni moni, akutinso mafuta opaka m'mawondo aja anatha. Ndawawerengera kalatayi ndisanaimate. Anati ndionjezere kuti madzi aja ankandituma ndi iwo, ndipo Lachisanu apita nawo ngakhale pa kabaza.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sophie, ndipo Trevor mumuuze kuti azakhali ake amusungira nandolo wouma. Ndamva kuti nayenso amusankha umonita. Nkhani za pageti zija musamufotokozere, chonde. Mulungu akusungeni, akupatseni ulendo wabwino, ndipo akupatseninso mtima umene sukulu inalephera kukupatsani.

Mukafika Lachinayi, mphasa ndi chofunda muzipeza, ndiwo ndikuphikirani. Koma ndowa ili kuseri kwa chitseko, ndipo mjigo ndi womwe uja wa kumsewu. Mudzadzuke msanga, mzere umatalika. Madzi osamba mudzatunge nokha, chifukwa ine ndi Fiona Lachisanu sitikufuna kuchedwa.

Ndine mlongo wanu,
Easter