Kachewere Wanu Ndatenga Ndine

Amake Alile,

Musakuwe kuti kwabwera akuba, matumba a kachewere aja ndatenga ndine. Pepani, munali kudimba. A Gerevazio avomera kuti ndiiyese lero pikapu yawo yakale ija, yokoka ndi mateyala onse anayi! Injini ndailiza isanatenthe ndipo yangolira kamodzi. Kunsi ndalowako chagada, dzimbiri kulibe, kungoti malaya munachapa dzulo aja musawafunse.

Koma galimoto yopanda katundu imanama, ndiye ndikufuna ndione ngati ingakwere nawo mtunda wamatope wa ku Bembeke. Ikakwera tigula, ndipo zomabwereka ngolo kwa alamu zithera pomwepo.

Mukamva hutala, tulukani ndi nthungululu. Dzuwa likapendeka kuli zii, kabwerekeni ngolo ija mudzatenge kachewere wanu, ndi ine ndemwe.

Norbert